Dotolo amene anakana kuti mwana afere pa mzere

Mai aliyense wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amene anapitako ndi mwana ku cipatala m'nyengo ya dzinja adziwa bwino maonekedwe a mzere wa m'mawa. Azimai amakhala pa mabenci, ena pansi, ana kumsana, makadi m'manja, yense kuyembekeza kuti dzina la mwana wake liitanidwe. Mwambo wathu utiphunzitsa kuti wofika poyamba ndiye ayamba kuthandizidwa, ndi kuti kudumpha mnzako pa mzere ndi mwano. Ku cigayo ndi ku citsime lamulo limeneli ndi labwino ndithu. Koma pa khomo la cipatala lamulo lomweli latayitsa miyoyo ya ana ambiri, pakuti mwana wa cimfine angathe kudikira kufikira madzulo, pamene mwana wa cibayo cacikulu kapena wa malungo a mu ubongo sangathe kudikira ngakhale ola limodzi.

Mlungu uno tikufotokozerani mbiri ya dotolo wina wa ana amene anatha zaka zambiri akulimbana ndi bvuto limeneli. Iwo ndiwo Profesa Elizabeth Molyneux, mai wa ku Mangalande, amene anagwira nchito pa cipatala ca Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre ku Malawi. Kapena ena adzafunsa kuti za ku Blantyre zitikhudza bwanji ife a kuno kum'mawa. Yankho lake nlakuti ana a ku Malawi ndi ana athu adwala matenda amodzi-modzi, makolo ao alankhula cinenero cathu comwe, ndipo zimene zisowa m'zipatala zao ndizo zisowanso m'zathu. Ndiponso njira imene mai ameneyu anathandiza kukonza inalandiridwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation, ndipo yaphunzitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndi muno m'Zambia momwe.

Ku Malosa, ku Liverpool, ku Blantyre

A Molyneux anaphunzira udotolo pa cipatala ca St Bartholomew mu London. M'caka ca 1974 anafika ku Malawi pamodzi ndi amuna ao, Dr Malcolm Molyneux, amenenso anali dotolo. Anayamba nchito pa cipatala ca mishoni ca St Luke ku Malosa, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Queen Elizabeth, kumene anakhala akuciza ana kufikira 1984. Masiku amenewo dziko la Malawi linalibe sukulu yake-yake ya madotolo, ndipo madotolo a ana anali owerengeka. Cikuku, kunyenchera, malungo ndi kutsegula m'mimba ndizo zinali kudzaza zipinda za ana, monga momwe zinali kucitira kuno kwathu.

Mu 1984 banjali linabwerera kwao, ndipo a Molyneux analowa nchito pa cipatala cacikulu ca ana ca Alder Hey mu mzinda wa Liverpool. Kumeneko anadzakhala mkulu wa cipinda colandirira ana obvulala ndi odwala mwadzidzidzi. Pamodzi ndi madotolo anzao anakonza maphunziro ochedwa Advanced Paediatric Life Support, ophunzitsa madotolo ndi anamwino zoyenera kucita pamene mwana wafika ali pakati pa moyo ndi imfa. Mfundo ya maphunzirowo njakuti uyambe ndi cimene cipha msanga koposa zonse: poyamba njira ya mpweya, kenaka kupuma, kenaka kuyenda kwa magazi, ndipo dzina la nthenda ulifune pambuyo pake mwana atayamba kupezako bwino. Mu 1995 anabwereranso ku Blantyre, kumene sukulu ya madotolo ya College of Medicine inali itatsegulidwa mu 1991, nakhala mtsogoleri wa cigawo ca matenda a ana.

Imfa za tsiku loyamba

Pobwerera anapeza cipatala codzaza koposa kale, kaamba ka kuculuka kwa anthu mu mzindawo ndi kufalikira kwa nthenda ya Edzi. Ana mazana anali kufika tsiku liri lonse, ndipo anali kuonedwa malinga ndi mafikidwe ao, wodwala pang'ono ndi wodwala kwambiri pa mzere umodzi. Mabuku a cipatala anaonetsa kuti mwa ana 100 alionse ogonekedwa, ana 10 kufikira 18 anali kumwalira. Koma cimene cinakhudza madotolo koposa ndi ici: mwa imfa 100 ziri zonse, imfa 36 zinali kucitika maola 24 oyamba asanathe. Ciwerengero cimeneci cinali kuloza pa khomo. Ana ambiri anali kufika atafoka kale, nataya nthawi yotsalayo pa benci, ndipo pofika pa bedi mankhwala anali atacedwa.

M'maiko olemera mwana wodwala motero amapita ku cipinda capadera ca odwala mwakayakaya, kumene kuli makina omthandiza kupuma, makina owerenga kugunda kwa mtima usana ndi usiku, ndi namwino wosacoka pambali pa bedi lake. Zaka zimenezo ku Malawi kunalibe cipinda cotero ca ana okha-okha, ndipo ndalama zocimangira kunalibe. A Molyneux sanakhale pansi kudikira makina. Anaona kuti cuma cimene cipatala cinali naco kale ndico maso ndi manja a anamwino, ndi kuti maso amenewo ayenera kuikidwa pa khomo penipeni pamene mwana alowera.

Kusankhula ana pa khomo

Njira imene anathandiza kukonza ichedwa pa Cingerezi Emergency Triage Assessment and Treatment, ndipo acipatala amaifupikitsa kuti ETAT. Tanthauzo lake ndilo kusankhula ana pa khomo malinga ndi kukula kwa matenda ao, ndi kuyamba kuciza pomwepo amene ali pangozi. Ana agawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la amene imfa iri pafupi nao: awa sadikira kulembetsa dzina, anyamulidwa nthawi yomweyo kunka ku cipinda ca cithandizo camwamsanga. Gulu laciwiri ndi la amene sayenera kukhalitsa, monga khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja kaamba ka kucepa kwa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wakupsa ndi moto kapena wakumwa poizoni: awa aikidwa patsogolo pa mzere. Gulu lacitatu ndi la amene angathe kudikira popanda coopsa.

Kusankhula kumeneku sikufuna makina ai, ndipo namwino wozolowera atha kuona mwana mmodzi m'masekondi ngati 20. Ayang'ana ngati mwana alikupuma, ngati palibe comtsekereza pakhosi, ndi ngati lilime ndi milomo sizinabiriwire. Agwira dzanja, ndipo likakhala lozizira atsindika cikhadabo kufikira ciyere, nacileka. Magazi akacedwa kubwerera koposa masekondi 3, mtima nukhala ukugunda mofulumira koma mofoka, ndiko kuti magazi sakuyenda bwino m'thupi. Aitana mwanayo ndi kumgwedeza pang'ono kuti aone ngati adzidzimuka. Kwa wotsegula m'mimba ayang'ana ngati maso alowa m'kati, natsina khungu la pamimba kuona ngati libwerera msanga. Njirayi inayesedwa ku Brazil ndi ku Blantyre, ndipo kunapezeka kuti anamwino ophunzitsidwa kwa nthawi yocepa anali kuzindikira bwino ana ambiri amene madotolo nawonso anawapeza kuti ali pangozi. Buku la maphunziro amenewa linatuluka mu 2005, ndipo lilangiza kuti ngakhale mlonda wa pa cipata, kalaliki wolemba makadi ndi wosesa aphunzitsidwe kuzindikira mwana wofoka.

Zopatsa mwana wa gulu loyamba nazonso si zodula. Wobanika apatsidwa mpweya wa okosijeni. Wokomoka apatsidwa madzi a shuga m'mtsempha, popeza mwana wodwala amene sanadye shuga imamthera m'magazi, ndipo kutha kwa shugako pakokha kutha kumupha. Wogwidwa ndi linjirinjiri apatsidwa mankhwala olileketsa. Wocepa magazi kwambiri aonjezeredwa magazi, ndipo khanda lozizira lifunditsidwa.

Mu 2001 cipatala ca Queen Elizabeth cinatsegula cipinda catsopano colandirira ana motsata njira imeneyi. Anchito anaphunzitsidwa, namwino wosankhula anaikidwa pa khomo, ndipo mankhwala ndi zipangizo zofunika mwamsanga zinasonkhanitsidwa pamalo amodzi. Zotsatira zake zinalembedwa mu 2006 m'magazini a World Health Organisation. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kucoka pa 10 kufikira 18 mwa 100, zinafika pa 6 kufikira 8 mwa 100. Imfa za tsiku loyamba, zimene zinali 36 mwa imfa 100, zinatsala pafupi-fupi 13. Panalibe mankhwala acilendo amene anabwera. Cimene cinasintha ndi nthawi imene mwana wodwalitsa anali kutaya asanagwiridwe ndi dzanja la namwino.

Za ku Ulaya ziyambe zayesedwa

Mbali yaciwiri ya nchito ya a Molyneux inali kufufuza. Mabuku ambiri a udotolo analembedwa ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene ana afika msanga ku cipatala ali odya bwino. Iwo anafuna kudziwa ngati malangizo a m'mabukumo athandizadi mwana wa kuno, amene kawiri-kawiri afika mocedwa, wonyenchera ndi wocepa magazi. Citsanzo cimodzi ndi nthenda youmitsa khosi, imene tizirombo timalowa m'zikuta za ubongo. Ku Ulaya madotolo anali kuonjeza mankhwala ochedwa dexamethasone pa jakisoni wopha tizirombo, pofuna kucepetsa kutupa. Ku Blantyre anayesa mankhwalawo pa ana 598, theka kuwapatsa, theka osawapatsa. Zotsatira zinatuluka mu 2002 m'magazini a madotolo ochedwa The Lancet: m'magulu onse awiri ana 31 mwa 100 anamwalira. Motero kunadziwika kuti mankhwala amenewo sapulumutsa ana a m'maiko ngati athu, ndi kuti mphamvu ziyenera kupita ku katemera ndi ku kufika msanga.

Kufufuza kwina kunali kwa masiku a jakisoni. Mwana wa nthenda youmitsa khosi anali kulandira jakisoni wa ceftriaxone masiku 10. A Molyneux pamodzi ndi madotolo a ku Bangladesh, Egypt, Pakistan ndi Vietnam anatsata ana 1,004, ndipo mu 2011 anaonetsa kuti mwana amene wapeza bwino pofika tsiku lacisanu, ngati nthenda yake yacokera ku tizirombo titatu todziwika kwambiri, atha kulekezera pomwepo popanda nthenda kubwerera. Kwa cipatala, masiku asanu opulumukawo ndiwo bedi ndi mankhwala a mwana wina. Kwa mai wa kumudzi amene wasiya munda ndi ana ena, aliyense wa ife adziwa kulemera kwa masiku asanu m'mwezi wa January.

Ngakhale njira ya ETAT yomwe inakonzedwanso pamene umboni watsopano unapezeka. Kale anthu anali kukhulupirira kuti mwana wotentha thupi amene magazi ake sakuyenda bwino ayenera kuthiridwa madzi ambiri m'mtsempha mofulumira. Mu 2011 kufufuza kotsogozedwa ndi Profesa Kathryn Maitland pa ana 3,141 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania kunadabwitsa madotolo a dziko lonse. Mwa ana othiridwa madzi mofulumira, oposa 10 mwa 100 anamwalira m'masiku awiri, pamene mwa olandira madzi pang'ono-pang'ono anamwalira 7 mwa 100. Mu 2016 World Health Organisation inasintha malangizo ake. Koma pano pafunika kumvetsa bwino: ana otha madzi m'thupi kaamba ka kutsegula m'mimba sanali m'kufufuza kumeneko, ndipo iwo afunikabe madzi mwamsanga. Cotero mukaona namwino akucepetsa kadonthedwe ka dilipi pa mwana wa malungo, musaganize kuti akumana mwana wanu mankhwala, ndipo musakhudze botolo lija inu nokha.

Makina ochedwa Pumani

Makanda obadwa masiku asanakwane ali ndi bvuto lao-lao. Mapapo ao ngosakhwima, ndipo pa kupuma kuli konse amafota ngati thumba lopanda kanthu, kotero kuti khanda litopa ndi kuwafutukula kufikira mphamvu zitatha. Makina othandiza bvuto limeneli m'maiko olemera anali kugulidwa madola zikwi zingapo. Aphunzitsi ndi ophunzira a Rice University ku Amereka, mogwirizana ndi a Molyneux ndi madotolo a ku Queen Elizabeth, anapanga makina ochipa ndi mapampu ang'ono-ang'ono a mtundu wopopera mpweya m'madzi osungiramo nsomba, pamodzi ndi botolo la madzi. Mpweya ulowa m'mphuno za khanda mosalekeza ndi mofatsa, nusunga mapapo ali otseguka. Makinawo anapatsidwa dzina la m'cinenero cathu lakuti Pumani. Kufufuza kotsogozedwa ndi dotolo wa ku Malawi, Dr Kondwani Kawaza, kumene kunafalitsidwa mu 2014, kunaonetsa kuti mwa makanda obanika kwambiri oikidwa pa makinawa, 71 mwa 100 anakhala ndi moyo, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44 mwa 100.

Komabe makina pa okha saciza. Madotolo ena anayesa makina a mtundu womwewo pa ana okulirapo odwala cibayo cacikulu pa cipatala ca boma la Salima, kumene kunalibe dotolo woona anawo tsiku ndi tsiku. Mu 2019 analengeza kuti mwa ana oikidwa pa makina anamwalira 17 mwa 100, pamene mwa olandira okosijeni yekha anamwalira 11 mwa 100. Cida cimene cinapulumutsa makanda pamalo ena cinabvulaza ana pamalo pena. Ici ndi cifukwa cake madotolo a mtundu wa a Molyneux amaumirira kuti kanthu kali konse kayambe kayesedwa pa malo pomwe kadzagwirira nchito, ndi kuti anthu ophunzitsidwa bwino ndiwo maziko a cipatala.

Malungo a mu ubongo

Pa cipatala comweco ca Queen Elizabeth, amuna ao a mai Molyneux, amene anamwalira mu 2021, anali kufufuza za malungo pamodzi ndi Dr Terrie Taylor wa ku Amereka. Mu 1989 anakonza muyeso wochedwa Blantyre Coma Scale, umene uthandiza kudziwa kuya kwa cikomokere ca mwana wosatha kulankhula. Namwino aona zinthu zitatu: ngati maso atsata nkhope ya amai ake, ngati mwana acotsa dzanja potsinidwa, ndi kaliridwe kake. Apereka mapointi kuyambira 0 kufikira 5, ndipo mwana wa malungo wopeza 2 kapena kucepera apo ndiye ali ndi malungo a mu ubongo. Mu 2015 gulu la Dr Taylor, pojambula mitu ya ana 168 ndi makina oona m'kati mwa thupi, linapeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa upanikiza mbali imene ilamulira kupuma, mwana naleka kupuma.

Nchito yotere yafikanso m'cigawo cathu. Pakati pa 2019 ndi 2022 cipatala ca Chipata Central cinagwirizana ndi zipatala za ku Lusaka ndi ku Blantyre pa kufufuza kotsogozedwa ndi Dr Gretchen Birbeck, kumene kunatsata ana 256 odwala malungo okhudza ubongo. Kunapezeka kuti kupatsa anawo mankhwala awiri otsitsa kutentha kwa thupi pa nthawi zoikika, osadikira kuti thupi liyambe latentha, kucepetsa kutenthako ndi kugwidwa ndi linjirinjiri. Izi zinacitika m'cipatala, madotolo akuyang'anira, ndipo si zoyesera kunyumba ai.

A Molyneux anagwiranso nchito yaikulu pa khansa ya ana, maka-maka ija yotupitsa nsagwada ndi mimba yochedwa Burkitt lymphoma, ndipo anaonetsa kuti ndi mankhwala ocepa ndi ochipa pafupi-fupi theka la ana otero atha kucira. Mfumukazi ya ku Mangalande inawapatsa ulemu wa OBE. Koma cosiya cao cacikulu ndi madotolo a ana a ku Malawi amene anaphuka m'cigawo cimene iwo anatsogolera, monga Dr Kawaza ndi Dr Queen Dube. Cipinda coyamba ca ana odwala mwakayakaya m'dzikolo cinatsegulidwa mu July 2017 pa Mercy James Centre ku Blantyre, patapita zaka 16 cikonzereni khomo lolandirira ana.

Nanga ife kuno kwathu?

Dziko lathu lapita patsogolo pa nkhani ya moyo wa ana. Mu 1996 ana 197 mwa 1,000 alionse obadwa m'Zambia anali kumwalira asanakwanitse zaka 5, koma pofika 2018 ciwerengeroco cinatsika kufika pa 61. Katemera, maneti a udzudzu, mankhwala a Coartem ndi mankhwala oteteza khanda ku kacirombo ka Edzi zathandiza kwambiri. Anthu a ku Katete ali ndi cipatala ca St Francis, cimene a mpingo wa Anglican anayambitsa mu 1948. A ku Sinda ali ndi cipatala ca mishoni ca Nyanje, ndipo matenda akakula odwala atumizidwa ku Chipata. Komatu kucokera ku Katete kufika ku University Teaching Hospital mu Lusaka pali makilomita pafupi-fupi 500, ndipo m'midzi ya m'mapiri a ku Vubwi, m'malire a Malawi ndi Mozambique, ngakhale kiliniki yapafupi ikhala kutali mitsinje ikadzala. Kwa mwana wa m'midzi yotere, kusankhula kumene a Molyneux anaika pa khomo la cipatala kuyenera kuyambira pa khomo la nyumba, ndipo wosankhula woyamba ndinu amai ake ndi atate ake.

Nazi zizindikiro zimene kholo liri lonse liyenera kuzisunga pamtima. Mwana akakana kuyamwa kapena kulephera kumwa, akamasanza ciri conse cimene mwampatsa, akagwidwa ndi linjirinjiri, akafoka kotero kuti sadzuka pomuitana, musadikire kuti kuce. Cimodzi-modzi akamapuma mobanika, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, kapena akamapuma mofulumira. Mutha kuwerenga nokha mwana ali phee: kupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi kwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 kwa wa miyezi 2 kufikira caka cimodzi, ndi ka 40 kwa wa caka cimodzi kufikira zaka 5, ndico cizindikiro ca cibayo. Yang'anani m'manja mwake: mukayera mbee, magazi acepa. Khosi louma, liwombo lotukumuka, maso olowa m'kati pa mwana wotsegula m'mimba, ndi mapazi onse awiri otupa, zonsezi zifuna cipatala tsiku lomwelo.

Mwana akagwidwa ndi linjirinjiri, mgonekeni cammbali, kutali ndi moto. Musamuike supuni kapena cala m'kamwa, musamfukize utsi, ndipo musamthire madzi kapena mankhwala m'kamwa pamene sakutha kumeza, pakuti zimenezo zilowa m'mapapo. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mwana wotembenuza maso walodzedwa, ndipo ulendo woyamba ukhala wa kwa sing'anga. Tsiku lotayika kumeneko ndilo tsiku limene ubongo ulikutupa. Ngati m'mudzi mwanu muli wanchito wa zaumoyo wopima malungo, yambirani kwa iye. M'madera ena anthu amenewa asunga mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo kwa mwana wodwalitsa, ogwiriziza moyo pa ulendo wa ku cipatala. M'boma la Serenje, m'zaka za 2017 ndi 2018, mankhwala amenewa pamodzi ndi njinga zonyamulira odwala anatsitsa imfa za ana a malungo aakulu kucoka pa 8 mwa 100 kufika pa mwana wosakwana mmodzi mwa 100. Koma mankhwalawo ndi oyambira cabe: mwana ayenera kufikabe ku cipatala. Pa njira mfunditseni, ndipo ngati atha kumeza pitirizani kumuyamwitsa kapena kumpatsa madzi a ORS pang'ono-pang'ono.

Inu azibambo muli ndi mbali yanu. M'mabanja ambiri mai sangathe kunyamuka ndi mwana popanda cilolezo ca mwamuna kapena ca akulu-akulu a pa banja, ndipo bambo akakhala ku dimba kapena ku msika, mwana adikira. Gwirizanani lero, mwana akali bwino, kuti zizindikiro tachulazi zikaoneka mai anyamuke osafunsa munthu. Pogulitsa nshawa, soya kapena thonje, patulani ndalama ya njinga yamoto ndi kuisunga kufikira dzinja. Nyakwawa ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi adziwe pasadakhale mwini ngolo kapena njinga amene angadzutsidwe usiku. Ndipo acipatala akapempha magazi oonjezera mwana, acibale asathawe, pakuti magazi operekedwa amabwerera m'thupi la munthu wamkulu m'masabata owerengeka.

Pomaliza, mukafika pa cipatala ndi mwana wofoka, musakhale cete kumbuyo kwa mzere. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Pitani kwa namwino, kwa kalaliki kapena kwa mlonda, mubvundukule mwana, munene cimene mwaona ndi nthawi imene cinayamba. Inunso amene mwafika mbandakuca ndi mwana wa cifuwa wamba, mukaona namwino akutenga mwana wa mnzanu wofika kumene nalowa naye patsogolo panu, musadandaule kuti pali kukondera. Namwinoyo alikucita cimene anaphunzitsidwa, cimene cinatsitsa imfa za ana ku Blantyre. Ndipo mai wokhala pafupi nanu pa benci akakhala ndi mwana wopuma mobanika kapena wosadzuka, iye mwini ali ndi mantha kulankhula, imirirani ndinu mukaitane namwino.